N'chifukwa chiyani atsikana a jimunasitiki ya m'gulu amapuma akadali aang'ono?

Mayi Wachidwi:
Ndimakonda kuonera rhythmic gymnastics, masewera omwe atsikana amavina motsatira nyimbo uku akuponya ndi kuwakha mpira, riboni, mkombero kapena zibonga. Chomwe chimandidabwitsa n'chakuti mayina a osewera a m'magulu amasintha pafupifupi pa Olympics iliyonse. Kodi mtsikana wa m'gulu amapikisana kwa zaka zingati, nanga n'zoona kuti m'gulu mumalowa okhawo amene alephera kupambana paokha?

Kochi Wopuma:
Mayi, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa maganizo amenewo ndi ofala koma si olondola. Ambiri amayambadi kupikisana paokha, koma aphunzitsi akamasankha gulu amayang'ana luso lina: dzanja loponya molunjika, khutu lomva nyimbo, ndiponso msinkhu wosasiyana kwambiri ndi wa anzake. Atsikana asanu amagwiritsa ntchito kapeti ya mamita 13 mbali zonse, ndipo m'mphindi zosapitirira ziwiri ndi theka amaponyerana zipangizo kangapo, nthawi zina wowakhayo atapereka msana kapena akugubuduka pansi. Gulu lililonse limavina kawiri, koyamba ndi zipangizo zofanana, kachiwiri ndi zosakaniza. Ku Paris mu 2024 zinali mikombero isanu, kenaka mariboni atatu ndi mipira iwiri. Mmodzi akagwetsa chipangizo, oweruza amadula mapointi a gulu lonse, choncho katswiri amene anazolowera kudzidalira yekha akhoza kulephera m'gulu ngakhale atakhala ndi thupi lofewa chotani.

Wosunga Mbiri:
Pa za kutalika kwa ntchitoyi, chimene chimalamula kwambiri ndi kalendala ya Olympics. Mtsikana amaloledwa kupikisana ndi akuluakulu kuyambira chaka chomwe akukwanitsa zaka 16, ndipo mayiko amamanga gulu ndi cholinga cha mpikisano umodzi waukuluwo, womwe umabwera pakatha zaka zinayi. Ukangotha, bungwe loyendetsa jimunasitiki padziko lonse la FIG limakonzanso malamulo operekera mapointi, zipangizo zimasinthidwa, ndipo mavinidwe onse amayambidwa mwatsopano. Apa ndi pomwe ambiri amadzifunsa ngati msana, mawondo ndi akakolo zingapirire zaka zina zinayi, poganiziranso kuti m'mayiko ambiri gulu limakhalira pamodzi kutali ndi makolo, monga momwe la Italy linkachitira m'tauni ya Desio, ndipo sukulu imangotsalira m'mbuyo.

Pamene mpikisano wa magulu unalowa mu Olympics ku Atlanta mu 1996, atsikana a Spain amene anatenga golide onse anali asanakwanitse zaka 18. Komabe alipo ena amene anakhalitsa. Natalia Lavrova wa ku Russia anapata golide mu 2000 ndi mu 2004, Anastasia Bliznyuk mu 2012 ndi mu 2016, ndipo Alessia Maurelli, yemwe anali kaputeni wa Italy, anatenga mendulo ya malo achitatu ku Tokyo ndi ku Paris, komwe anali ndi zaka 27. Kwa ine, Maurelli ndiye wodabwitsa kwambiri, chifukwa anayenera kuzolowerana ndi anzake atsopano mobwerezabwereza.

Mlonda wa Nkhani:
A Wosunga Mbiri, mwaiwala chinthu chimodzi: si onse amene amapuma mwa kufuna kwawo. Dziko lomwe lili ndi atsikana aluso ambiri limatha kuchotsa wosewera kutangotsala miyezi yochepa kuti mpikisano uyambe, ndipo popeza ulemu umapita ku gulu, anthu sazindikira n'komwe kuti wina wasowa. Russia inatenga golide pa Olympics zisanu zotsatizana kuyambira 2000 mpaka 2016, kufikira Bulgaria itaigonjetsa ku Tokyo, koma ndi anthu ochepa amene angatchule atsikana onse amene anadutsa m'magulu amenewo.

Kochi Wopuma:
Zoonadi, ndipo ndiwonjezere kuti ambiri akapuma sachoka m'masewerawa, amakhala aphunzitsi kapena oweruza. Bliznyuk yemweyo anali mmodzi mwa aphunzitsi a gulu la China lomwe linatenga golide ku Paris, patsogolo pa Israel ndi Italy.