Uvuni ya gasi ija tsopano ikuyaka bwino

Zikomo nonse amene munandiyankha za uvuni yolowetsa m'kabati ija, imene achemwali anga ananditumizira kuchokera ku UK. Paja ndinkadandaula kuti moto wake ndi wachikasu, ukudetsa mathireyi ndi mwaye, komanso ukuzima ndikangochotsa chala pa batani.

Ndinatsatira amene munati ndisagule kanthu ndisanapeze kachitsulo kolembedwa nambala ya modelo. Kanali m'mphepete, ukatsegula chitseko. Panalembedwa G20, 20 mbar, kusonyeza gasi wa m'mapaipi wa kumeneko. Wathu wa m'masilinda amafuna majeti (tizitsulo totulukira gasi poyaka) a mabowo ang'onoang'ono, n'chifukwa chake moto unkafuka choncho. Majetiwo tinaitanitsa pogwiritsa ntchito nambala ya modelo ija, mmisiri n'kudzasintha. Moto tsopano ndi wabuluu.

Za kuzima zija, thermocouple (kachitsulo kamene kamatseketsa gasi kakapanda kumva kutentha kwa moto) sinafe ayi. Inangopindika, nsonga yake sinkakhudza moto. Ndikanagula ina, ndikanataya ndalama pachabe.

Wina asalakwitse ngati kalipentala wanga: 60 cm ndi nkhope ya uvuni, koma bowo lake la m'kabati limakhala pafupifupi 56 cm. Ndipo poyesa ngati gasi akutuluka, pakani thovu la sopo polumikiza, machesi ayi.