Zikomo, ulendo wa ku Cadaqués uja unatheka

Zikomo nonse amene munayankha funso langa lija, la momwe ndingafikire ku Cadaqués, tauni ya m'mphepete mwa nyanja ku Spain, kuchokera ku Barcelona popanda galimoto, n'kuonanso nyumba ya Salvador Dalí, katswiri wojambula zithunzi. Ndinatsata malangizo okwera sitima mpaka ku Figueres kenako basi, popeza ku Cadaqués kulibe njanji. Basiyo imadzera ku Roses ndipo imatenga pafupifupi ola limodzi. Kuchoka pa Roses msewu ndi wokhotakhota m'mapiri, ndiye amene mumachita nseru m'galimoto khalani kutsogolo.

Amene munati ndigule tikiti ya nyumbayo pa intaneti pasadakhale munanena zoona. Nyumbayo ili ku Portlligat, mphindi ngati 15 wapansi kuchokera ku Cadaqués, pokwera kamtunda. Zipinda zake ndi zopanikiza, chifukwa Dalí anayamba ndi kanyumba ka msodzi mu 1930 n'kumalumikiza tina pang'onopang'ono, mpaka anachokamo mu 1982 mkazi wake Gala atamwalira. N'chifukwa chake amalowetsa anthu ochepa, pafupifupi 8, mphindi 10 zilizonse. Pamene ambiri amagwa mphwayi ndi apa: tikiti uyenera kukaitenga pakhomo kutatsala mphindi 30, ukachedwa malo ako apita. Zikwama zikuluzikulu zimatsala panja.

Nsapato zikhale zogwira pansi, tinjira ta m'tauni ndi tamiyala. Tengani ndi juzi, mphepo yochokera kumpoto yotchedwa tramuntana ikayamba simasewera. Ku tchalitchi cha Santa Maria kwerani ndithu, gombe lonse limaoneka bwino pamenepo. Ndipo nthawi ya basi yomaliza yobwerera muifunse mukangotsika, mabasi amachepa nyengo ya alendo ikatha.