Za nkhandwe zokumba m'dimba zija

Mwezi watha ndinafunsa chochita ndi nkhandwe zomwe zinkakumba usiku m'dimba langa la kuseri kwa nyumba kuno ku Leicester, ku England. Zikomo nonse amene munandiyankha, zinthu zasinthako ndithu.

Chimene chinkaziitana kwambiri ndi feteleza wa magazi, nsomba ndi mafupa. Zikamva fungo lake zimayesa kuti pansipo pakwiriridwa nyama. Pano ndikuthira manyowa a masamba okhaokha. Pamabedi a mpiru ndinayalapo waya wa khola la nkhuku n'kukwirira ndi dothi pang'ono, ndipo pamenepo sizikumbanso. Pakapinga pokha ndiye zikubwerabe kukagwa mvula, kudzafuna nyongolotsi.

Amene munati ndithire poizoni, pepani, sindingatero. Malamulo a kuno salola, komanso amphaka a aneba akhoza kufa.