Mabotolo apulasitiki tingakagulitse kuti muno mu Harare?

Abale ndi alongo, ndithandizeniko nzeru. Ife amayi a mumpingo kuno ku Mufakose timatola zinyalala Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse, tsiku loyeretsa lija boma linakhazikitsa mu 2018. Koma zimandiwawa mtima kuona mabotolo apulasitiki amene tatola akungosakanizidwa ndi zinyalala zina n'kukatayidwa ku Pomona. Ena amangowotcha, ana n'kumatsokomola ndi utsiwo usiku wonse.

Ndiye tayamba kuika mabotolo padera. Masaka 6 adzaza kale kuseri kwa nyumba yanga, malo atha. Kodi amagula mabotolowa ndani, ndipo kilo imodzi ndi ndalama zingati? Amabwera kudzatenga okha, kapena tipeze galimoto? Nanga tikafuna kumachita zimenezi ngati gulu, pakufunika chilolezo cha EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe lija, kapena cha khonsolo? Amene munayesapo, chonde tiuzeni munayambira pati.