Ndasintha mavavu onse awiri pa njinga ija

Paja ndinafunsa ngati ndisinthe vavu ya ekizozi yokha imene inapsa pa njinga yanga yamoto ya kabaza ya Lifan kapena onse awiri, ndiye ndabwera nayo nkhani. Amakaniko ku Ndirande atatsegula hedi ya injini anathira petulo m'mapoti (mabowo opita ku mavavu) kuti aone ngati mavavu akudontha, vavu ya inileti nayonso imadontha pang'ono komanso tsinde lake linadyeka, ndinangoona kuti kulipira leba kawiri sindingakwanitse ayi. Ndinakagula onse awiri ku Limbe pamodzi ndi masilu ndi gasiketi, anawapera ndi phesiti mpaka anakhala bwinobwino kenako anaseta gapu ya mavavu injini ili yozizira. Pano m'mawa ikulira kiki imodzi, utsi uja watha ndipo mtunda wa ku Soche ndikukwera ndi kasitomala osavutika. Ikayendako ndibwereranso kwa amakaniko akayezenso gapu.