Kodi woyendetsa ndege amasankha liti kukatera kwina kukachita chifunga?

Akuluakulu, makamaka inu amene munagwirapo ntchito ya zandege, ndikupempha kuti mundithandize. Ndimaphunzitsa kuno ku Thyolo, ndipo ophunzira anga akufuna kudziwa zimene oyendetsa ndege amachita poyandikira bwalo la Chileka pa nthawi imene chiperoni chakuta dera lonse, mpaka phiri la Mulanje osaoneka.

Ndikudziwa kuti malamulo a ICAO, bungwe loona za maulendo a ndege pa dziko lonse, amafuna kuti ndege ya jeti inyamule mafuta okafikira kumene ikupita, ena okafikira bwalo lina ngati la Kamuzu ku Lilongwe, komanso ena osungira okwanira kuuluka mphindi 30, omwe ayenera kukhalabe alipo ikamatera. Pamene pakundivuta ndi pa kasankhidwe ka nthawi. Kodi woyendetsa amazungulira m'mwamba mpaka liti podikira kuti chifunga chichoke, asanakhotere ku Lilongwe? Akatsika n'kulephera kuona potera, kodi amaloledwa kuyesanso kachiwiri, kapena zimatengera mafuta amene atsala?

Nanga womaliza kulamula ndani, kaputeni kapena amene amatsogolera ndege ali pansi? Ine ndikuona ngati ndi kaputeni, popeza ndiye akuona mlingo wa mafutawo, koma ndikufuna kumva kwa inu odziwa ndisanayankhe anawa.