Born to Run ya Springsteen: ndi chimbale chamtengo wapatali kapena anangochikokera?

Wapulogalamu:
Anzanga a pa wailesi ndithandizeni nzeru. Abwana andipatsa ola la Lachisanu usiku loti sabata iliyonse tizitenga chimbale chimodzi chakale chomwe anthu amati sichikalamba, tiziika nyimbo zake nkumafotokoza chomwe chinachitchukitsa. Akuti tiyambe ndi Born to Run cha Bruce Springsteen, cha 1975 chija. Nde mavuto ndi awiri. Loyamba nyimbo ya mutu wa chimbalecho ikadutsa pa makina athu ikumveka ngati zoimbira zonse zikulimbirana kutulukira khomo limodzi, gitala, saksofoni, tibelu, ng'oma, mawu a mkuluyo akumira pakati pomwepo, pa sipika ya foni nde musachite kunena. Lachiwiri ineyo sindikukhutira kuti nchapamwamba mmene amachitamira, nde pa maiki ndikanena chani, ndikanamize omvera? Tikachotsa nkhani ndi malonda nditsala ndi mphindi 45, chimbale chokhacho ndi mphindi 39.

Wausiku:
Kkkk aise mwayamba ndi chovuta. Ine ndinena zomwe ena akuopa, mbiri ya chimbale chimenechi theka lake anachita kugula. Zimbale ziwiri zoyamba za 1973, Greetings from Asbury Park, N.J. ndi The Wild, the Innocent & the E Street Shuffle, sizinayende malonda ndipo a Columbia, kampani yake ya nyimbo, amafuna ndalama zawo zibwere. Kenako mu May 1974 mtolankhani Jon Landau anamuonera akuimba ku Cambridge, Massachusetts, nkulemba kuti waona tsogolo la rock and roll ndipo dzina lake ndi Bruce Springsteen. Kampani inatola mawu amenewo nkumatsatsira malonda. Nde mvetserani apa, Landau yemweyo ndamene anadzalowa mu situdiyo kukhala mmodzi wa okonza chimbalechi, patsogolo pake nkukhalanso manijala wake. Woyamikira ndi yemweyo wophika ndi yemweyo. Pa 27 October 1975 munthu ali pachikuto cha magazini a ku America a Time komanso Newsweek sabata imodzi, mnyamata woti dzulodzulo anali asanagulitse chilichonse chooneka. Zimenezo zimachitika zokha?

Madala a ku layibulale:
Mwana wanga Wausiku zomwe wanenazo palibe chabodza, koma wasiyira panjira. Mwini wakeyo kukokeredwa kumeneko sankakukonda, atafika ku London mu November 1975 kukaimba ku Hammersmith Odeon anachita kung'amba mapositala a kampani yake omwe ankalengeza kuti London tsopano yakonzeka kumulandira. Komanso kutsatsa kumagulitsa chimbale chaka chimodzi, pali zimbale zambirimbiri za zaka za m'ma 70 zomwe anazithira ndalama zankhaninkhani lero palibe amazikumbuka, tili nazo pa shelefu pano fumbi lokhalokha. Ichi chinafika pa nambala 3 pa mndandanda wa Billboard wa zimbale zoyenda malonda ku America, pomwe nyimbo ya mutuyo payokha inangothera pa 23, kutanthauza kuti anthu sankathamangira kanyimbo kamodzi ayi, ankagula chimbale chonse. Ndipo pambuyo pake munthuyo anakhala pafupifupi zaka zitatu osatulutsa china chifukwa cha mlandu ndi manijala wake wa nthawi imeneyo Mike Appel, mpaka chimbale cha Darkness on the Edge of Town mu 1978. Chikanakhala cha mphepo chabe chikanafera mmenemo.

Wapulogalamu:
Madala ndakumvani koma khutu langa likukanabe. Nyimbo za mmenemo Night ndi She's the One ine sindikuonapo chodabwitsa, phokoso lothamanga basi.

Madala a ku layibulale:
Pa Night pokha sinditsutsa.

Injiniya:
Ndilowepo pa za makinazo kaye chifukwa mwina mukuweruza chimbale pomwe wolakwa ndi prosesa yanu, makina okonza mawu asanapite pa mphepo. Springsteen ankatsanzira dala kajambulidwe ka mkonzi wa nyimbo Phil Spector, kounjika zoimbira zambirimbiri pamwamba pa zinzake mpaka zonse zimveke ngati chinthu chimodzi chachikulu. Nyimbo ya mutuyo inawatengera miyezi pafupifupi 6 ku 914 Sound Studios ku Blauvelt, New York, akuwonjezerabe magitala, zingwe, ogani, tibelu tija. Nde nyimbo yotere imabwera ili yodzadza kale, mulibe mpata. Inu mukaidutsitsa pa prosesa ya wailesi yomwe anaitchera nyimbo za masiku ano, kompresa imakweza zonse zomwe zinali pansi nkutsitsa zomwe zinali pamwamba, mawu a woimba nkumira, zotsatira zake ndi zomwe mukumvazo.

Chitani izi. Choyamba onani fayilo yanu, ngati ndi ka mp3 kotapa pa intaneti ka 128 katayeni, masimbolo ndi tibelu ndi zomwe zimayamba kuonongeka mu mp3 yotsika. Pezani CD ya 2005 yomwe anaikonzanso pokumbukira zaka 30, anaikonza ndi Bob Ludwig, muikope ngati wav. Kenako mupemphe injiniya wa pa shifiti kuti ola limenelo aike preset yofewa, ndiye kuti katcheredwe kosungidwa kale mu makinamo, ambiri mwa maprosesa ali nayo ya jazi kapena ya nyimbo za classical, kompresa ibwerere mmbuyo. Wailesi imveka yotsikirako pang'ono poyerekeza ndi ena koma usiku palibe angadandaule. Musakweze ma treble poganiza kuti mawu atuluka, mungowonjezera kuswa makutu. Ndipo yesani mu mono, mawu onse akutulukira njira imodzi, musanapite pa mphepo chifukwa omvera ambiri ali pa kasipika kamodzi.

Komanso dziwani kuti nyimbo ya mutuyo ndi yosiyana ndi zinzake. Ija ng'oma anaimba Ernest Carter, kiyibodi David Sancious, onsewa anachoka mu bandi chimbale chisanathe. Zina 7 zinamalizidwira ku Record Plant mu New York City ndi Max Weinberg pa ng'oma ndi Roy Bittan pa piyano, Jimmy Iovine ali pa desiki. Mukamvera Thunder Road muona kuti muli mpweya, imayamba ndi piyano ndi hamonika basi, zoimbira zikulowa chimodzichimodzi. Imeneyo prosesa yanu siivutitsa kwambiri.

Wausiku:
Miyezi 6 nyimbo imodzi ya mphindi zinayi ndi theka, ife tikanachotsedwa ntchito kkkk

Mayi a zolembalemba:
Achimwene a pulogalamu, ine ndikuona ngati vuto lanu lachiwirilo ndiye pulogalamu yanuyo. Ndani wakuuzani kuti mukuyenera kukagwada pa maiki? Omvera amamva munthu akamawerenga matamando omwe sakuwakhulupirira, mawu amauma. Tsegulani ndi funso lomwe mwatifunsa ifeli, mupereke mbali ya Wausiku mmene ilili, za Landau, za zikuto ziwiri zija, kenako muike nyimbo omvera adziweruzire okha. Chokhacho samalani kanenedwe, musakanene kuti anagula atolankhani chifukwa zimenezo mulibe nazo umboni, nenani zomwe zinachitika motsatana basi, munthu analemba zoyamikira, kampani inazigwiritsa ntchito, kenako iyeyo anadzakhala mmodzi wa okonza chimbalechi. Omvera si ana.

Ineyo maganizo anga, chimbalechi chili ndi mawu ochuluka mopyola, nyimbo zake zadzadza magalimoto, misewu, usiku, anyamata ofuna kuthawa kwawo ku New Jersey, ndipo atsikana a mmenemo ntchito yawo nkukwera galimoto basi, Mary, Wendy, sitimva maganizo awo. Zimenezo mutha kunena. Koma Backstreets ndikaimva pomwe amafika pokuwa kumapeto kuja thupi limachita tsembwe, zimenezo sungagule ndi malonda.

Madala a ku layibulale:
Mayi mwalasa. Nde pa za nthawi, musavutike nkuika nyimbo zonse 8. Paja ichi chinapangidwira mbale ya galamafoni ya mbali ziwiri, ndipo anachiyala mwadala, mbali iliyonse imayamba ndi nyimbo ya chiyembekezo yoti tiyeni tithawe, nkuthera pa nyimbo yaitali ya kugonja. Mbali yoyamba Thunder Road kutsegula, Backstreets kutseka. Mbali yachiwiri Born to Run kutsegula, Jungleland kutseka. Zinayi zimenezi ndiye msana wa chimbale, zonse pamodzi ndi mphindi 25 ndi kanthu. Muwonjezere Meeting Across the River musanaike Jungleland, ndi ya mphindi zitatu, yachete, piyano, besi ndi lipenga la Randy Brecker, nkhani ya kamunthu kofuna kukachita dili yoopsa kutsidya kwa mtsinje, imatsitsa mtima omvera asanalowe mu chimphona chija. Mufika pa mphindi 29, mutsala ndi 16 zoyankhula. Ndipo ana a masiku ano omwe amamvera nyimbo imodziimodzi pa foni sadziwa nkomwe kuti zimbale zinkakhala ndi mbali, muwafotokozere zimenezo, ndi phunziro palokha.

Wapulogalamu:
Jungleland ndi mphindi 9 ndi theka madala, a malonda andidya wamoyo. Ndimaganiza zoitsitsa ikafika pa saksofoni.

Injiniya:
Ayi ayi ayi. Bola osaiika nkomwe.

Madala a ku layibulale:
Mukadula saksofoni ya Clarence Clemons mwadula umboni wanu womwe. Solo imeneyo ndi yopitirira mphindi ziwiri ndipo anaiumba pang'onopang'ono mu situdiyo, Springsteen ali pambali pake kumuuza mzere ndi mzere, maola ambirimbiri. Ngati pali malo omwe womvera wokayika ngati inuyo angasinthe maganizo ndi pamenepo, nyimbo imayamba ndi vayolini ya Suki Lahav ndi piyano, imakwera, kenako zonse zimagwa pansi saksofoni nkutsala ikulira yokha pamwamba pa bandi. Malonda muwaunjike isanayambe Meeting Across the River, kuchokera pamenepo mpaka kumapeto osadukiza.

Wausiku:
Chabwino ndavomera Thunder Road ndi Jungleland, koma muone kuti nonsenu mwangotaya nyimbo zitatu pa 8 popanda wolira. Chimbale choti sichikalamba chimatayidwa zitatu? Komanso Tenth Avenue Freeze-Out mwaichotseranji, ndi yokhayo yovinika, malipenga aja anawakonza Steven Van Zandt ndipo ndi yomwe ingagwire munthu amene wangotsegula wailesi mwangozi.

Mayi a zolembalemba:
Funso limenelo la zitatu pa 8 mukalifunse pa mphepo momwemo, mafoni alira. Ena adzati Library of Congress ya ku America inachiika mu kaundula wa zojambulidwa zofunika kusungidwa, magazini ya Rolling Stone inachiika pa nambala 18 pa zimbale 500 mu 2003, ena adzati amenewo ndi anthu amodzimodzi omwe anachikokera poyamba. Musawathetsere mkangano.

Wapulogalamu:
Bho, ndayala chonchi. Kutsegula ndi funso ndi nkhani ya Landau mphindi 4, Thunder Road, kufotokoza za mbali ziwiri, Backstreets, malonda, nkhani ya miyezi 6 ija kenako Born to Run, mafoni pang'ono, malonda omaliza, Meeting Across the River ndi Jungleland osadukiza. Tenth Avenue ndiika kachidutswa pansi pa mawu anga potsegula kuti Wausiku asanyanyale. Ine ndikanena poyera kuti kwa ine ndi nyimbo zinayi zazikulu ndi zina zapakatikati, omvera anditsutse. Injiniya CD ya 2005 ija madala akuti ilipo pa shelefu, nde preset ija ndimuuze wa pa shifiti asinthe nthawi yanji?

Injiniya:
Nkhani zikangotha, jingo yanu isanalowe. Ndipo mumukumbutse abwezeretse ola likatha, apo ayi a pulogalamu yotsatira adzatiimbira kuti transimita yafooka.